Amisiri anzanga a makompyuta, tisamathamangire kufomata

Pali chizolowezi chimene chazika mizu pakati pa ife okonza makompyuta kuno ku Lilongwe, ndipo chimandiwawa kwambiri. Munthu akabwera ndi laputopu n'kunena kuti ikuchedwa kapena ikumangozima yokha, yankho limatuluka iye asanamalize n'komwe kufotokoza: "Tiifomate, bwana." Kufomatako ndi kufufuta zonse zimene zili m'kompyuta n'kuikamo Windows watsopano. Laputopuyo ikabweranso patapita milungu iwiri ili ndi vuto lomwe lija, yankho lachiwiri limakhalanso lili pakamwa: "Motherboard yapsa, mungogula ina." Motherboard ndi bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za m'kati zimalumikizidwapo. Nthawi yonseyi palibe amene wamasula zomangira n'kusuzumira m'kati. Ine ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa, ndipo ndinayamba kuikonda ndisanayambe kupezapo ndalama, n'chifukwa chake sindingakhale chete.

Tiyambe ndi fumbi, poti ndi mdani wathu wamkulu mumzinda uno. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, aliyense wokhala ku Area 25, ku Kawale, ku Mtandire kapena ku Area 36 amalidziwa fumbi la Lilongwe. Laputopu imapuma ndi fani. Faniyo imakoka mpweya kunsi n'kuukankhira pa tizitsulo topyapyala timene timachotsa kutentha kwa processor, womwe ndi ubongo wa kompyuta, ndipo fumbi limalowera limodzi ndi mpweyawo. Pakapita nthawi limaumbana pa tizitsuloto n'kukhala ngati kachidutswa ka bulangeti, mpweya osadutsanso. Pamwamba pa processor pamakhalanso phala lotuwa limene timalitcha thermal paste, lomwe limauma zaka zikamapita. Processor ikatentha kufika pafupi ndi madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndipo zikapitirira imazimitsa makina onse. Ndiye mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, munthu waika laputopu pabedi pomwe mpweya sungalowe, n'zodabwitsa kuti ikuchedwa? Mankhwala ake ndi kuitsegula, kupukuta fani, kuchotsa phala lakale n'kupaka latsopano. Ungaike Windows watsopano kakhumi, fumbi lija silisuntha.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi nkhani ya hard disk, chipangizo chosungira mafayilo. Makina ambiri akale ali ndi hard disk yokhala ndi timbale tozungulira m'kati, nthawi zambiri maulendo 5400 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga komwe kamayandama pamwamba pake. Laputopu ikagwa kapena ikamagwedezeka m'chikwama pa kabaza, timbale timeneti timayamba kuwonongeka pang'onopang'ono. Zizindikiro zake ndi kuchedwa kutsegula mafayilo, kuuma kwa sikirini, mwinanso kaphokoso kogogoda. Pali pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imene imawerenga zomwe hard disk yalemba yokha zokhudza thanzi lake, ndipo sizitenga mphindi zambiri kuti uone ngati ikudwala. Mmisiri amene wafomata hard disk yodwala wachita zoipa ziwiri nthawi imodzi. Vuto walisiya pomwepo, komanso walemba zinthu zatsopano pamwamba pa mafayilo amene akanapulumutsidwa. Mafayilowo ndi a ndani? Ndi kafukufuku wa mwana wa ku Bunda amene watsala pang'ono kumaliza maphunziro. Ndi mayeso amene mphunzitsi wakhala akukonza teremu yonse, zithunzi za ukwati, maakaunti a mayi amene ali ndi kashopu ku Area 23. Ambiri mwa anthuwa alibe kwina kumene anasunga zinthuzi. Amatipatsa makina awo akukhulupirira kuti tikudziwa chimene tikuchita.

Pamene hard disk yatopa, SSD (chosungira mafayilo chamakono) ya mainchesi 2.5 imalowa pamalo omwewo popanda kusintha china chilichonse, ndipo ilibe chozungulira m'kati. HP EliteBook, Dell Latitude kapena Lenovo ThinkPad ya zaka khumi zapitazo ukaiika SSD n'kukweza RAM (pomwe makina amasungira zimene akugwiritsa ntchito panthawiyo) kuchoka pa 4GB kufika pa 8GB, mwiniwake amadabwa ngati ndi makina omwe aja. Kungoti pa RAM tizisamala. RAM ya mtundu wa DDR3 ndi ya DDR4 sizilowerana chifukwa kampata kake sikali pamalo amodzi, ndipo ngakhale pa DDR3 pali ina ya mavoti 1.5 ndi ina ya 1.35 yotchedwa DDR3L, imene malaputopu ambiri a Intel a m'badwo wachinayi amafuna. Ukaika yolakwika makina amangoyatsa getsi, sikirini ili bii, ndipo wina wosadziwa amalengeza maliro a motherboard pomwepo.

Mawu akuti "motherboard yapsa" amatchulidwa mopepuka kwambiri m'tauni muno. N'zoona kuti magetsi athu amazunza makina. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuzimazima kwa magetsi, makamaka pamene akubwerera mwamphamvu, kumapha machaja ndi zipangizo zina. Koma chimene chimafa kawirikawiri ndi chaja, kapena kadzenje kolowetsa chaja, kapena kachipangizo kamodzi kakang'ono pa motherboard pafupi ndi polowera magetsi. Munthu wokhala ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), wodziwa kutsata njira ya magetsi kuyambira pa mavoti 19 a chaja mpaka pa 5 ndi 3.3 amene makina amafuna kuti adzuke, amakapeza kachipangizoko, n'kukachotsa, n'kuwotchererapo kena. Onjezani apa machaja otchipa amene adzaza m'misika. Malaputopu ambiri a Dell ali ndi kasingano pakati pa mutu wa chaja kamene kamauza makina kuti chajayo ndi yamphamvu bwanji. Kasinganoko kakathyoka, kapena chaja ikakhala yachinyengo, laputopu imakana kutchaja batire ndipo imayamba kuyenda mwaulesi. Vuto la chaja basi, koma munthu amauzidwa kuti agule laputopu ina.

Sindikunena kuti motherboard siifa. Imene inathiridwa tiyi n'kusiyidwa masiku ambiri batire ili momwemo, dzimbiri limadya njira zake ndipo nthawi zina palibe chochita. Ndikufuna kuti tizilengeza imfa titayeza kaye.

Komanso taganizirani amene tikumuuza kuti agule ina. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, pambuyo pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Palibe laputopu, SSD kapena RAM imene imapangidwa m'dziko muno. Zonse zimachokera kunja, ku China, ku Dubai, ku South Africa, ku UK, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa. Kwa mphunzitsi kapena namwino, kugula laputopu ina ndi ngongole ya miyezi yambiri. Tikamuuza zimenezi chifukwa choti taona ulesi kumasula zomangira, tamulakwira kwambiri.

Tsopano kwabwera chifukwa china chatsopano chogulitsira anthu makina. Microsoft inaika tsiku la 14 Okutobala 2025 kukhala lomaliza kupereka thandizo la masiku onse pa Windows 10, ndipo Windows 11 amafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 pamodzi ndi processor yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri a kaunjika amene ali m'manja mwa anthu kuno ndi akale kuposa pamenepo. Ndamva ena akuopseza makasitomala kuti makina awo asiya kugwira ntchito. Si zoona. Makinawo amayaka monga kale, chimene chimasiya kubwera ndi zokonza za chitetezo, ndipo nkhani imeneyo ndi yofunika kwa munthu amene amalowa ku banki kudzera pa intaneti. Tiziwafotokozera bwinobwino. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kulemba, kuwerenga ndi kulowa pa intaneti, Linux Mint, amene amaikidwa m'malo mwa Windows, ndi waulere, amalandira zokonza za chitetezo, ndipo amayenda bwino pa makina akale. Sangakwanire aliyense, makamaka amene amadalira mapulogalamu a Windows okha, koma munthu ali ndi ufulu womva kuti njira imeneyi ilipo asanakatenge ngongole.

Inunso makasitomala athu, amayi ndi abambo, muli ndi mbali yanu. Ambiri mumakana kulipira ntchito yofufuza vuto. Mmisiri akatha maola awiri akuyeza n'kupeza kuti vuto ndi kawaya kakang'ono, mumati "nanga kawaya komweka ndilipire zonsezi?" Koma akafomata m'mphindi 30 mumalipira mokondwa poti mwaona sikirini yatsopano. Mwanjira imeneyi mumaphunzitsa anyamata kuti kufomata ndiye kumene kuli ndalama. Mukamasiya makina, pemphani kuti mulembere limodzi kukula kwa RAM ndi hard disk imene ilimo, chifukwa nkhani za kusinthidwa kwa zipangizo tonse timazimva ndipo zimaipitsa mbiri ya amisiri okhulupirika. Funsaninso ngati mafayilo anu akopedwa kaye asanachite chilichonse. Mmisiri wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa.

Kufomata kuli ndi malo ake. Makina amene adzaza mavairasi, kapena amene Windows wake wawonongeka koma hard disk ili bwino, kuyambiranso mwatsopano kumathandiza, bola mafayilo asungidwe kaye pena ndipo mwiniwake avomere.

Kwa akuluakulu amene muli ndi mashopu ku Area 2 ndi m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, pempho langa likukhudza anyamata ndi atsikana amene amabwera kudzaphunzira ntchito kwa inu, ena atamaliza ku Lilongwe Technical College, ena akungochokera kunyumba ndi chidwi chawo. Chinthu choyamba chimene ambiri amapatsidwa ndi fulashi yokhala ndi Windows. Apatseni multimeter ndi motherboard imodzi mwa zakufa zimene zaunjikana pansi pa tebulo, muwaonetse polowera magetsi, ayeze okha mpaka apeze pamene magetsiwo akuthera. Fulashi ija adzaiphunzira masana amodzi nthawi ikadzakwana.