Table Mountain si phiri lokwera mwachibwana

A mtolankhani, mwalemba kuti aliyense angathe kukwera Table Mountain, phiri la mumzinda wa Cape Town ku South Africa, ngakhale atavala mapatapata. Apa pokha ndikukana. Phirili ndi lotalika mamita 1,086 okha, silifika pa Sapitwa wathu wa mamita 3,002, koma nyengo yake imasintha mwadzidzidzi. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikayamba, makamaka m'miyezi yotentha, mtambo umakuta pamwamba ponse mpaka njira osaiona. Mphepoyo ikakula, ngolo zapachingwe zonyamula anthu kukwera ndi kutsika phirili amaziimitsa. Ndiye amene anakwera wapansi kudzera njira ya Platteklip Gorge, akudalira kuti atsika pa ngolo, amatsikanso wapansi miyendo itatheratu. Ine ndimagwira ntchito kuno ku Cape Town, ndipo ndaonapo anthu akunjenjemera ndi chisanu pamwambapo pomwe kumunsi dzuwa likuswa mtengo. Nyamulani jekete ndi madzi okwanira, lawirirani m'mamawa, ndipo musapite nokha.

Za nyanja simunatchule kuti madzi a ku gombe la Camps Bay amazizira koopsa. Abale anga amene munazolowera kusambira ku Salima, bola ku gombe la Muizenberg, koma kumenekonso muzisambira pakati pa mbendera zosonyeza malo osambira basi, chifukwa madzi akuno amakokera munthu kwakuya.