Ife a Arsenal mtima udatsala ku Highbury

Alembi, mwati kusamukira ku bwalo latsopano ndi chitukuko, masapota asiye kulira zakale. Pa ndalama ndikuvomera, m'bwalo latsopanolo la Emirates mumalowa anthu oposa 60,000 pomwe m'bwalo lathu lakale la Highbury munkalowa cha m'ma 38,000 basi. Koma timu yathu idasewera pabwalo lija kuyambira 1913 mpaka 2006! Chikho cha ligi ya 2003/04, ija anyamata a mphunzitsi Arsene Wenger adamaliza osagonja masewero onse 38, adachikweza pompo. Bwalolo linali lothinana, masapota pafupi penipeni ndi mzere, moti osewera ankamva mawu alionse. Tsiku lomaliza Thierry Henry adachinya zigoli zitatu ndi Wigan, n'kugwada kupsompsona kapinga. Lero malowo adawasandutsa nyumba zogonamo, ndipo ine zimandiwawabe.