Galimoto inachitapo ngozi? Nenani nokha, musadikire kufunsidwa

Anzanga ogulitsa magalimoto, lero mundipirire. Galimoto ikachita ngozi, mtengo wake umatsika tsiku lomwelo, pamalo pomwepo pamene yagunda. Sutsika tsiku limene mwaulula kwa wogula ayi. Ndalama ija inapita kalekale, magalasi akali mbwee pamsewu. Ndiye mukabisa ngoziyo n'kugulitsa pamtengo wa galimoto yosagundapo, palibe chimene mwapulumutsa. Mwangotenga chitayiko chanu n'kusenzetsa munthu wina amene kunalibeko tsiku la ngozi.

Ndikudziwa kuti zimawawa, makamaka ngati wolakwa sanali inu. Munaima bwinobwino pamphambano, wina n'kudzakuombani kumbuyo, galimoto n'kukonzedwa mpaka kuwala kuposa poyamba, koma ogula akangomva za ngozi akukunenererani ngati mukugulitsa chiphakasa. Mkwiyo umenewo ndi womveka. Koma wogula nayenso si wamisala, ali ndi chifukwa chake.

Galimoto za masiku ano amazipanga dala kuti kutsogolo ndi kumbuyo kuzifwanyika zikagunda, n'cholinga choti mphamvu ya kugundako ithere m'zitsulo isanafike pa anthu. Nzeru imeneyi anaiyambitsa ndi injiniya wina wa ku Mercedes-Benz, Béla Barényi, ndipo galimoto zopangidwa motero zinayamba kutuluka mu 1959. Vuto lake ndi loti chitsulo chotere chimagwira ntchito yake kamodzi basi. Chikapindika, inu n'kuchikoka ndi tcheni, kuchiwotcha ndi moto, kuchimenya ndi hamala mpaka kuwongoka, maso aona ngati chabwerera mwakale, koma mphamvu zake sizikhalanso zomwe zija. Tsiku limene galimotoyo idzagundenso, palibe amene angalumbire kuti chidzapindika mmene anachipangira. Wogula akamatsitsa mtengo, chimene akuopa n'chimenechi. Penti akuyiona, mipando akuyiona, injini akuyimva. Za m'kati mwa chitsulo sangazione.

Komatu ngozi zimasiyana, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amandikwiyitsa. Bampala yosweka, nyali yophwanyika, chitseko chimene anachigunda pamalo oimika magalimoto, zimenezi ndi chikopa chabe. Ukasintha, nkhani yatha. Koma chassis ikapindika, kapena mizati yogwira denga, kapena pamene pamakhala ma shock, kapena pansi pa buti, amenewo ndi mafupa a galimoto, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Ku Britain anaona kuti kusakaniza zinthu ziwirizi n'kupusitsana, ndiye kuyambira mu October 2017 galimoto imene a inshuwalansi ayikana kuikonza koma ingathe kubwerera pamsewu amayipatsa chilembo N ngati mafupa ake sanakhudzidwe, kapena S ngati anakhudzidwa. Ya chilembo B amangochotsako zipangizo, thupi lake n'kuphwanya, ndipo ya A amaphwanya yonse. Ku Japan nakonso, pa pepala la okushoni, galimoto yokonzedwapo mafupa amayilemba R kapena RA, ndipo pa chithunzi cha galimoto amaika XX pa chitsulo chilichonse chimene chinasinthidwa. Anthu amagulabe galimoto zimenezi tsiku ndi tsiku, akudziwa, pamtengo wake woyenera. Palibe amene amakomoka.

Tsono wobisa uja amaganiza kuti sagwidwa. Mwina kalelo. Kuyambira mu 1981 galimoto zambiri zili ndi nambala yozizindikiritsa yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, ndipo m'mayiko ena mbiri ya galimoto imatsatira nambala imeneyo kulikonse kumene yapita. Ku America kampani ya Carfax inayamba ntchito yosunga mbiri zotere mu 1984. N'zoona kuti kaundula amangodziwa zimene zinalembedwa, moti ngozi yokonzedwa mwakachetechete kuseri kwa nyumba simapezekamo. Koma ngakhale popanda kaundula, galimoto imaulula yokha kwa munthu wodziwa poyang'ana.

Taonani mmene makaniko wozindikira amachitira. Sathamangira kuliza injini. Amaima chapatali kaye, galimoto ili padzuwa, n'kumayang'ana chammbali ngati mtundu wa chitseko ukufanana ndi wa chinzake. Kenako amayendetsa chala mumpata wa pakati pa boneti ndi chitsulo cha m'mbali: kumanja chala chikulowa, kumanzere sichikulowa. Amatsegula boneti n'kuyang'ana mitu ya mabauti, chifukwa bauti yomangidwa kufakitale imakhala ndi penti yake yosakandika, pamene yomasulidwapo imakhala ndi zipsera za sipanala. Amakoka labala wa pachitseko kuona ngati pali ufa wa penti umene unauluka popopera. Amatukula kapeti wa m'buti, pamene pamakhala tayala lapadera, kufufuza makwinya ndi zowotcherera. Nyali imodzi yoyera mbee ngati ya dzulo, inzake yachikasu ndi ukalamba. Matayala akutsogolo akudyeka mbali imodzi. Ena ali ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti: ya kufakitale nthawi zambiri imakhala pakati pa ma micron (tizigawo ting'onoting'ono ta milimita) 100 ndi 200, koma pamene anamatapo filler, phala lotsekera mabala a chitsulo, nambala imalumpha kangapo konse. Wopanda kachipangizoko amangotenga maginito, pamene sakukakamira bwino pathupi lachitsulo ndiye kuti pansi pali phala. Mphindi zochepa chabe, chinsinsi chonse chili pambalambanda.

Ndiye taganizani, mwanena kale kuti "iyi sinagundepo", makaniko n'kutulutsa mutu m'boneti akumwetulira. Kuyambira pamenepo palibenso mawu anu amene wogula angawakhulupirire. Makilomita amene akuoneka pa dashboard ayamba kuwakayikira, za oilo akayikira, ngakhale mapepala a umwini ayamba kuwatembenuza kawiri. Mukanangonena nokha akanachotsa pang'ono. Pano achotsa kawiri, kwinako ndi chindapusa cha bodza, kapena angonyamuka osatsanzika.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene sindingachimvetse ngakhale munthu atandifotokozera usiku wonse, ndicho chinyengo cha ma airbag, matumba aja amene amafufuma pangozi kuti ateteze anthu. Airbag ikaphulika imafunika yatsopano, pamodzi ndi malamba amene anakoka pangoziyo, chifukwa nawonso amagwira kamodzi. Zimenezi n'zodula, ndiye ena amangomata chivundikiro cha pachiwongolero, m'kati mulibe kanthu, n'kulumikiza kachipangizo kamagetsi kotchedwa resistor kuti kompyuta ya galimoto iziona ngati zonse zili bwino. Ena amangozula kababu ka nyali yochenjeza. Ogula, tamverani: mukatembenuza kiyi, nyali ya airbag iyenera kuyaka kwa masekondi angapo kenako n'kuzima yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, funsani chifukwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za mtundu uwu zimadziwika tsiku limene mutu wa munthu wamenya chiwongolero. Wochita zimenezi asamadzitche wochenjera pamalonda. Akuseweretsa moyo wa mwana wa mwini wake.

Bodza lotere limapwetekanso ogulitsa achilungamo. Katswiri wa zachuma George Akerlof analemba za msika wa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito mu 1970, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2001. Mfundo yake ndi yosavuta: wogulitsa amadziwa galimoto yake, wogula sayidziwa. Poti wogula sangasiyanitse yabwino ndi yowola, amapereka mtengo wapakati pa zonse. Mwini galimoto yabwino akaona mtengo umenewo amati bola ndingoyendera ndekha, n'kuichotsa pamsika. Zotsala zimakhala zowola zokhazokha, mtengo n'kutsikanso. Mukamadandaula kuti ogula akukupatsani mtengo wonyoza pa galimoto imene inangosweka bampala, dziwani kuti mukulipirira mabodza a anzanu amene anagulitsa inu musanabwere.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa. Ndalama imene wogula amachotsa ili pawiri. Gawo lina ndi la kuwonongeka kwenikweni, limenelo simungalibweze. Gawo lina, nthawi zambiri lalikulu, ndi la mantha, chifukwa munthu akangomva kuti "inachitapo ngozi" m'mutu mwake amaona galimoto itagudubuzika katatu. Gawo la manthali ndi limene mungalichepetse, ndipo mankhwala ake ndi umboni. Zithunzi za galimoto isanakonzedwe, zoonetsa pamene inagunda ndi kukula kwa bala. Zithunzi ili m'galaja, atayivula bampala, mafupa ake akuoneka. Malisiti a zipangizo, osonyeza ngati zinali zatsopano kapena zochotsa pa galimoto ina. Lipoti la apolisi kapena la inshuwalansi ngati lilipo. Pepala la alignment losonyeza kuti matayala onse anayi akuloza kumodzi. Munthu akaona ndi maso ake kuti chinasweka ndi nyali ndi bampala basi, mantha aja amatha, mumayamba kukambirana ngati anthu.

Nenani pa chilengezo pomwepo, m'mizere yoyambirira, osati munthu atawononga kale tsiku lake kubwera kudzaona. Inde mafoni achepa, koma amene aimbe ndi anthu oti avomera kale. Akafuna kupita nayo kwa makaniko wawo, alekeni apite nayo, inu mukwere nawo. Ndipo polemberana kalata yogulitsana, ngoziyo ilembedwemo, nonse musayine. Zimenezi zimateteza inuyo kuposa wogula, chifukwa m'malamulo a mayiko ambiri munthu amene wanamizidwa pogula chinthu angathe kubweza katunduyo kapena kukusumirani, ndipo mawu oti "mwagula mmene ilili" sabisa bodza limene munalankhula mutafunsidwa.

Pa mtengo, yang'anani zinzake za chaka chomwecho ndi makilomita ofanana zimene sizinagundepo, inu mukhale pansi pake. Kutsika kwake kumadalira pamene inagunda, amene anakonza, ndi msinkhu wa galimoto. Yatsopano ndi yodula imataya zambiri. Yakale imene yayenda zaka khumi ndi zisanu, wogula amasamala za injini ndi giya kuposa chitseko chopentedwanso. Makampani ogulitsa magalimoto ndi madobadoba adzakupatsani mtengo wotsikitsitsa chifukwa nawonso akufuna podyera, choncho ngati simuli pachangu, gulitsani kwa munthu woti aziyendera yekha. Ndipo ngati inakonzedwa bwino, ikuyenda mowongoka, inu simukusowa ndalama mwamsanga, bwanji osangoisunga? Chaka chilichonse chimene yayenda popanda vuto, kusiyana kwa mtengo wake ndi wa zinzake kumanka kuchepa.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa: ngati wolakwa anali wina, m'mayiko ena mungathe kuitanitsa ndalama ya kutsika kwa mtengoku, kuwonjezera pa yokonzetsera. Ku Germany makhoti amaivomereza, ndipo ku Georgia, m'dziko la America, khoti lalikulu linagamula mu 2001 kuti a inshuwalansi aziwerengera kutsika kumeneku polipira makasitomala awo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma kufunsa n'kwaulere, ndipo nthawi yofunsa ndi pamene nkhani ya ngozi ikali yotentha, musanasayine kuti mwakhutira.

Inunso ogula muli ndi mbali yanu. Munthu akakuuzani yekha kuti galimoto inagundapo, n'kukuonetsani zithunzi ndi malisiti, inu n'kumuthawa kukagula kwa amene walumbira kuti yake ndi namwali popanda pepala ngakhale limodzi, mukuphunzitsa msika wonse kunama. Galimoto yoti yayenda zaka khumi, eni ake atatu, n'kukhala yosakandikapo paliponse, zimachitika koma si kawirikawiri. Funso lofunsa ndi loti inagunda pati, anakonza ndani, ndipo mapepala ali kuti. Woyankha mafunso atatuwa mosazengereza, khalani naye pansi mukambirane mtengo. Amene wayamba kukuuzani za mawilo okongola ndi wailesi yatsopano, pitani nayo kwa makaniko wanu, ayikweze pamwamba, muone pansi pake ndi tochi.