Ndalama zakale si mapoto oti muzikwecha, abale

Abale otolera ndalama zakale, lero ndilankhula ndipo wokwiya akwiye basi. Pamsonkhano wathu wapitawu bambo wina wachikulire anatulutsa kandalama kasiliva kamene wakhala akusunga zaka zambirimbiri, kakuda bwino kuja siliva amadera akakalamba, n'kukapereka kuti anthu aone. Kanayenda dzanja ndi dzanja mpaka kufika kwa mnyamata wina, iye n'kunyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kukapukuta pamalaya ake ati aone bwino chaka. Mwiniwake anangoti kukamwa yasa. Mnyamatayo kumaseka, ati wathandiza. Wathandiza chani iwe?

Tinena kangati kodi kuti ndalama yakale sapukuta? Kuda kumene inu mukuti ndi litsiro ndi kumene anthu odziwa amafuna, ndi umboni woti ndalamayo yaona zaka ndipo palibe anaisewera. Koma ayi, wina polishi wa zitsulo, wina mankhwala otsukira mano, wina viniga, wina soda, wina mpaka sitiliwulo, kenako kubwera nayo pamsonkhano ikunyezimira, iye akuyenda monyada kudikira kuti timuombere m'manja. Tengani galasi lokulitsira muiyang'ane pansi pa nyale, muona timizere tating'onoting'ono thoo pankhope yonse, ndipo timeneto sitidzachokanso mpaka kalekale. Makampani oyeza ndalama ngati PCGS ndi NGC amapereka manambala kuyambira 1 mpaka 70, koma akaona kuti yapukutidwa sapereka nambala n'komwe, amangolemba kuti inatsukidwa, mtengo n'kugweratu pomwepo. Ndiye inu mukufuna kuposa iwowo nzeru? Chinthu chapulumuka nkhondo, chapulumuka moto, chapulumuka m'matumba a anthu osawerengeka, chidzafere m'manja mwa munthu amene akuti amachikonda, zoona?

Nanga kagwiridwe kake. Ndalama timagwira m'mbali, pamwamba pa kansalu kofewa kuti ikapulumuka isagwere pasimenti, izi ngakhale wobwera kumene timamuuza tsiku loyamba. Koma taonani anthu akuluakulu, ndevu pepeya, chala chachikulu fwaa pakati penipeni pankhope ya ndalama yamkuwa, manja athukuta, angomaliza kumene kudya osasamba. Chidindo cha chala chimenecho lero simuchiona, dikirani miyezi ingapo chituluke chakuda, cholowerera m'chitsulo. Ena ndiye amalankhula ndalama ili pafupi ndi pakamwa, timadontho tamalovu tikuwaza, mawa mwiniwake akudabwa kuti timawanga tachokera kuti. Ena kuziika zambiri m'thumba limodzi zizigundana, ngwengwengwe njira yonse. Ndipo timatumba tapulasitiki tofewa tija ta PVC, mukuti n'totchipa, simunaone kodi utoto wobiriwira wonanda umene timasiya pandalama? Umenewo ukudya chitsulo inu muli mtulo.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi mapepala, chifukwa ndalama yachitsulo imapirirako, pepala silipirira. Ambiri a ife timabweretsanso matikiti akale asitima, malisiti, mapositikhadi, timapepala totsatsa malonda, maenvulopu okhala ndi masitampa, ndalama zapepala zimene zinasiya kugwira ntchito. Zinthu izi anazipanga kuti zigwire ntchito tsiku limodzi n'kutayidwa, kupezeka kwake lero ndi mwayi chabe, wina anaiwala kutaya. John Johnson, amene anali wosindikiza mabuku ku Oxford, anatolera timapepala totere kwa zaka zambiri ndipo lero zili ku Bodleian Library, zoposa miliyoni imodzi, akatswiri a mbiri yakale amapita kukaphunzirako mmene anthu wamba ankakhalira. Ku London Maurice Rickards anayambitsa Ephemera Society mu 1975 chifukwa cha timapepala tomweti. Anzathu akuzisunga chonchi, ife tikuikapo kapu ya chakumwa pamwamba pa tikiti ya zaka 100, mkombero wonyowa n'kutsala pomwepo. Simuchita manyazi?

Pepala lang'ambika pang'ono, mwathamangira selotepi. Selotepi! Zaka zochepa zikadutsa guluu wake amasanduka wachikasu, amalowa m'pepala, tepiyo n'kumatuka yokha kusiya banga losachoka. Ena kumanga mtolo ndi labala mpaka labalayo kusungunuka n'kukakamira, ena kubaya ndi sitepula kapena mapini, dzimbiri n'kudontha pepala lonse. Ena ndalama yapepala yakwinyika akuisita ndi simbi kuti ioneke yatsopano, wodziwa akangoigwira amadziwa kuti yasitidwa. Nanga awa a laminate ndiwatani? Munthu kutenga ndalama za Notgeld zija matauni a ku Germany ankasindikiza okha cha m'ma 1920, zamitundu yokongola zija, kukaziotcha m'makina pakati pa mapulasitiki awiri n'kumati wasunga. Wakwirira, sunasunge ayi, palibe angaitulutsemo yamoyo. Matikiti ndi malisiti amasiku ano ambiri ndi a pepala lomva kutentha, ukalilowetsa m'makina amenewo limatuluka lakuda bii lonse, ndipo alipo amene achita zimenezi kawiri osaphunzira. Kupachika pakhoma loyang'ana dzuwa ndiye sindinena, inki imathawa mukuona.

Tsono za mabodza. Masiku ano munthu amagula pa intaneti ndalama za feki mtolo wonse pamtengo wosamveka, iye akudziwa bwinobwino, n'kubwera nazo pamsonkhano kusaka amene wangoyamba kumene. Dola yasiliva ya America ya 1804 zodziwika padziko lonse zilipo 16 zokha, ndiye ya nambala 17 ikapezeke m'chikwama mwanu? Senti yamkuwa ya 1943 nayonso aliyense ati ali nayo, chonsecho chaka chimenecho America inkapanga masenti achitsulo chifukwa mkuwa unkapita kunkhondo, yamkuwa yeniyeni ndi yosowa zedi, zambiri mukuonetsazo ndi chitsulo chopakidwa mkuwa, maginito akangoyandikira imadumphira yokha. Ngakhale ndalama ya Zimbabwe ya 100 trillion ija anthu ayamba kale kupanga zabodza. Inunso ogula, sikelo yaing'ono, maginito ndi galasi zikukulemerani kunyamula? Mukangomva kuti mwayi, nzeru zonse kuthawa. Ndipo inu akuluakulu amene mumaona mwana akupusitsidwa patebulo loyandikana nanu n'kukhala chete kuopa kudana ndi mnzanu, mulandu ndi wanunso. Mwana ameneyo sadzabweranso, adzauza anzake kuti kumeneko ndi kwa akathyali.

Chomaliza ndi mafoni anuwa. Munthu walowa m'chipinda foni ili m'mwamba, akujambula matebulo onse, nkhope za eniake, mabokosi, ngakhale nambala zagalimoto panja, zonse pa Facebook nthawi yomweyo, kulembanso kuti uyu ali ndi zagolide zambiri kunyumba. Anakupemphani ndani? Munafunsa mwiniwake? Ambiri mwa anthu amenewa ndi okalamba, ena amakhala okha. Ku Berlin mu 2017 mbava zinalowa mu Bode Museum n'kunyamula ndalama imodzi yagolide yolemera makilogalamu 100, mpaka lero sinapezeke. Ku Manching komweko ku Germany mu 2022 zinaba m'nyumba yosungira zinthu zakale ndalama zagolide 483 za Aselote, mtundu wakale wa anthu a ku Ulaya, ndipo zina anazipeza zitasungunulidwa kale. Kumeneko kuli chitetezo ndi ma alamu koma zinatheka, nanga nyumba ya gogo amene mwamuika pa intaneti ndi dzina lake lomwe? Wakuba alibe nazo ntchito za chaka kapena mbiri, iye akuona chitsulo cholemera basi.

Ndatopa kuona achikulire akubwera ndi mabokosi otseka, kukana kutulutsa zinthu zawo zabwino chifukwa cha manja anu osamva. Msonkhano ukubwerawu chinthu cha mwini musakhudze musanapemphe, foni ikhale m'thumba, zakumwa zikhale kutali ndi tebulo. Amene akuona kuti sangathe, akhale kunyumba azikwecha zake.