Ana 6 pa benchi gemu yonse, ndiye muzidabwa kuti mpira wa ku Laois ukufera pati?

Anthuni lero ndakwiya ndipo sindibisa ayi. Ndaweruka ku ntchito ya usiku 8 koloko m'mawa, osagona ngakhale pang'ono, ndangosamba m'maso n'kumutenga mnyamata wanga kupita naye ku galaundi chifukwa lero inali gemu ya Gaelic football ya ma under 13 kuno ku Laois, imodzi mwa makaunti (maboma) a dziko la Ireland, ndipo sabata yonseyi nkhani m'nyumba muno inali yomweyo. Dzulo usiku anapukuta yekha nsapato zake, analongedza yekha chikwama, ka pulasitiki koteteza mano kaja anakaika mthumba la kabudula kuti asakaiwale poti kuno mwana sangalowe mu gemu alibe kameneko. Tafika kumeneko mvula ija ya kuno yosadziwa kukata, kamphepo kolowa mpaka m'mafupa. Ana anabwera 21. Alowa 15, atsala 6 panja, wanga ali pomwepo. Ine ndinati palibe vuto, alowa chigawo chachiwiri. Pofika half time timu yathu ikutsogola ndi ma point 14, anzathu aja atheratu, sakuwolokanso ndi pakati pomwe. Chigawo chachiwiri chayamba, kochi sanasinthe munthu. Mphindi zikupita, ma point akungochuluka, kochi ali phee manja mthumba, nthawi zina kukuwa kuti awonjezere zigoli. Mpaka wezulo yomaliza. Ana 6 aja sanaponde mzere ngakhale mphindi imodzi, angonyowa, milomo ili gwagwagwa ndi kuzizira, kenako akuuzidwa kuti bwerani tijambulitse chithunzi cha timu yopambana.

Yopambana chani? Mwapambana chani inu?

Kwa amene muli kumudzi simukudziwa mpira ndikunenawu, si mpira wamiyendo wathu uja ayi, uwu ndi wa eni dziko kuno ku Ireland, Gaelic football. Amakhala 15 mbali iliyonse, mpira amaugwira ndi manja n'kumaumenyanso ndi mwendo, magolo ake ali ngati chilembo cha H, ukadutsitsa pamwamba nthawi zambiri ndi point imodzi, ukagoletsa mu ukonde ndi ma point 3. Bungwe lake ndi GAA, linayamba mu 1884, ndipo chimene chinandikopa ine ndi choti palibe amene amalipidwa, ngakhale aja amadzaza Croke Park, bwalo lalikulu la ku Dublin, anthu opitirira 82,000 Lolemba amakhala ali ku ntchito zawo, wina mphunzitsi wina mlimi. Ndipo sugula osewera. Umasewerera dera limene ukukhala, kaunti imene uli, basi. Ndiye tamvetsani bwino pamenepa, ngati sungagule osewera ndiye kuti chuma chako chonse ndi ana a m'dera lako omwewo. Ukataya mwana mmodzi palibe msika woti ukapezeko wina. Amene wakhala pa benchi lero ndi yemweyo umamufuna zaka 7 zikubwerazi.

M'galimoto pobwerera mwana wanga sanayankhule. Wangovula nsapato zili zoyera mbee ngati mmene anazipukutira dzulo, opanda ndi dothi lomwe, waziika pansi pa mpando. Tatsala pang'ono kufika ndi pamene wati, "Adadi, Lachiwiri ku training ndisapite eti?" Ndinasowa choyankha. Ine munthu wamkulu ndinasowa choyankha, chifukwa ndimuuza kuti apite akatani? Chaka chonse sanajombe, mdima wa mu February uja ankapita, anzake ena amene alowa lero amabwera mwa apo ndi apo koma poti ndi ataliatali, matupi anakula msanga, ndi amene kochi amawaona. Ndipo si wanga yekha, musaganize kuti ndikulira chifukwa ndi mwana wa mlendo ayi. Pa 6 paja 4 ndi ana a eni dziko enieni, mmodzi agogo ake anali pambali panga ndi ambulera, bambo wachikulire amene wandiuza kuti iyeyo anasewerera kalabu yomweyi ali mnyamata. Gemu itatha anangomugwira mdzukulu wake paphewa n'kumapita osatsanzika munthu.

Tsono chimene chikundipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Anthu omwewa, makochi omwewa, mukakhala nawo nkhani yawo ndi imodzi, kale Laois inali Laois. Ndipo sanama. Ma minor a kaunti ino, timu ya anyamata osapitirira zaka 18 nthawi imeneyo, anatenga chikho cha All-Ireland, cha makaunti onse a Ireland, mu 1996 atagonjetsa kaunti ya Kerry, anatenganso mu 1997 atagonjetsa Tyrone, mu 1998 anafikanso mu fainolo kachitatu motsatizana ngakhale Tyrone inabweza chipongwe, kenako 2003 anatenganso atagonjetsa Dublin pa gemu yobwereza. Kaunti yaing'ono ngati ino, zikho 3 m'zaka 8. Ana a 1996 ndi 1997 aja, a Beano McDonald ndi anzawo, ndi amene anakula n'kudzatenga chikho cha akuluakulu cha Leinster, chigawo chimene muli Laois, mu 2003 pansi pa kochi Mick O'Dwyer, chikho chimene chinali chisanabwere kuno kuchokera 1946. Zaka 57 anthu akudikira, ndipo amene anachibweretsa ndi ana amene winawake anawalera, anawapatsa mpira, anawalola kulakwitsa mpaka anadziwa. Pano bwanji? Chikho cha Leinster cha ma minor chinabwera komaliza mu 2007. Timu ya akuluakulu inatsikira mu Tailteann Cup, chikho cha matimu a gulu lachiwiri, ndipo mu 2023 Down inatithira zigoli 8 mu semi fainolo pa Croke Park anthu akuonera pa TV dziko lonse. Zigoli 8. Ndiye anthu amakhala pansi kumafunsana kuti talente inapita kuti. Inapita kuti? Ine ndaiona lero, inali pa benchi itavala jekete, ikunjenjemera.

M'mera mpoyamba abale. Simungadye mbewu mu December n'kumayembekeza kukolola mu April. Zimene akuchita makochi ngati uyuyu ndi kudya mbewu, kukazinga chimanga chobzala kuti akhute lero, apambane ka gemu ka under 13 kamene pofika Khirisimasi palibe adzakakumbuke, ngakhale iye mwini. Mwana wa zaka 12 sungadziwe kuti adzakhala ndani. Amene ali wamtali lero mawa anzake amupitirira, amene ali kamthupi kochepa lero pa zaka 17 ndi chimphona. Aliyense amene analerapo mwana amadziwa zimenezi, sizifuna satifiketi ya ukochi. Koma iwe wasankhiratu pa zaka 12 kuti awa ndi osewera awa ndi operekeza. Operekezawo sabweranso. Sakuuza, salemba kalata, amangosiya kubwera Lachiwiri, kenako Lachinayi, kenako dzina lachoka pa gulupu ya WhatsApp, ndipo palibe amene amaimba foni kufunsa kuti mwana uja ali kuti.

Ndikudziwa ena abwera kudzandiuza kuti vuto ndi ndalama za Dublin, ena ati ana akuthawira ku soccer ndi rugby, ena ati Australia ikutenga abwino onse ngati mmene inatengera Zach Tuohy wa ku Portlaoise, tauni yaikulu ya Laois, amene anakatenga chikho ndi Geelong, timu ya mpira wa ku Australia, mu 2022, ena ati kusintha ma minor kuchoka pa under 18 kupita pa under 17 mu 2018 kunasokoneza. Chabwino, zonsezo zilipo. Koma Australia sinabwere pa galaundi lero. Dublin sinamuuze kochi kuti asasinthe osewera akutsogola ndi ma point 14. Mwana sathawira ku soccer chifukwa soccer ndi yokoma kuposa, amapita kumene akamulola kumenya mpira. Ndipo za kuchepa kwa anthu musandiuze n'komwe, Laois pano ili ndi anthu opitirira 90,000, Portlaoise yakula moti nyumba zatsopano zikungomera ngati bowa, ana ali mbwee. Longford ili ndi pafupifupi theka la anthu athu koma inatenga Leinster ya ma minor mu 2024. Offaly, aneba athu enieni, anatenga All-Ireland ya under 20 mu 2021. Iwowo ana awo amagwa kumwamba? Ana tili nawo, ambiri kuposa mmene analili mu 1996, koma tikuwathamangitsa tokha ndi manja athu.

GAA yomweyo inaona vutoli kalekale, n'chifukwa chake kuli Go Games, kuti ana mpaka zaka 12 aliyense azisewera, pasakhale zosiyana pa benchi. Ndipo kunena zoona nthawi imeneyo zinali bwino, mwana wanga ankabwera ku nyumba matope thupi lonse akuseka, amake akudandaula za kuchapa koma mtima uli mbee. Chilimwe amapita ku Cúl Camp, maphunziro a masewera a ana okonzedwa ndi GAA, amabwera ndi jezi ndi chikwama, amagona nazo. Ndiye tsiku limene afika pa msinkhu wa mpikisano, pamene payamba kuwerengedwa ma point ndi zikho, zonse zija zimathera pomwepo ngati kuzimitsa nyali. Zaka 6 mukumuuza mwana kuti ndiwe wathu, kalabu ndi banja, kenako tsiku limodzi mukumuonetsa kuti banja lija ndi la anthu 15 okha. Mwana si chitsiru. Amaona.

Ndinapita kukamufunsa kochi, mwaulemu ndithu, sindinakweze mawu pamaso pa ana. Yankho lake akuti kusiyana kwa ma point kumawerengedwa pa tebulo la ligi ndiye sakanafuna kuika timu pa chiswe. Tebulo. Ana 6 anyowa ola lathunthu chifukwa cha tebulo. Ndinamufunsa kuti mwa ana 21 amenewa mukuganiza kuti angati adzakhale akusewerabe akadzafika zaka 18, anangondiyang'ana n'kunena kuti iyeyo ndi wongodzipereka salipidwa. Ndikudziwa kuti salipidwa, ndipo ndimalemekeza munthu amene amasiya banja lake madzulo kukaima pa mphepo ndi ana a eni, zimenezo sindikuchotsera. Koma kusalipidwa si chilolezo choswera mwana mtima. Nanenso sindilipidwa poyendetsa ana 4 m'galimoto yanga kupita ku ma gemu a kutali, sindilipidwa poima pa geti kugulitsa matikiti. Tonse tikudzipereka, ndipo tikudzipereka chifukwa cha ana, onse, osati chifukwa cha tebulo.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Kalabu imene ikusunga ana 21 mpaka akule ndi imene idzadye. Imene ikusunga 15 pofika under 15 atsala 12, pofika minor akukapempha kalabu yoyandikana nayo kuti aphatikizane chifukwa timu sikukwana, ndipo zimenezi zikuchitika kale m'midzi yambiri kuno, makalabu awiri atatu kuphatikiza ana kuti apeze timu imodzi. Ndiye kwinaku mukusowa ana, kwinaku mukutaya ana. Mutu wake uli pati pamenepa? Mukhoza kumanga ma galaundi okongola, magetsi owala usiku, ma gym, ma development squad ovala ma tracksuit ofanana, koma ngati mwana wa zaka 12 akubwerera kwawo nsapato zili zoyera, zonsezo ndi kumanga nkhokwe munda mulibe.

Ndipo poti ndayamba kale ndinene ndi izi. Sabata iliyonse foni imalira, lotto ya kalabu, membership, jezi yatsopano chifukwa sponsor wasintha, raffle, kutolera ndalama pa supamaketi. Pamenepo ndiye mayina onse 21 amakumbukiridwa bwinobwino, palibe kholo limene limaiwalidwa, uthenga umafika ngakhale 11 koloko usiku ndipo ukachedwa kulipira amakukumbutsa kawiri. Ndalama ya mwana wa pa benchi ndi yofanana ndendende ndi ya kaputeni. Nsapato ndinagula mwezi wathawu chifukwa phazi lakula, ndalama imene ndikanatumiza kumudzi amayi akudikira ya feteleza, ndipo nsapatozo zili pansi pa mpando wa galimoto mpaka pano sanazitsitse. Madzulo ano uthenga walowa kale pa gulupu, chithunzi cha timu yopambana, makolo akuika timanja towomba, pansi pake chikumbutso choti lotto ya sabata ino itsekedwa Lamlungu 6 koloko.