Musandiuze za katswiri, ndiuzeni amene amamulandira akatopa

Chaka chilichonse nyengo yoti osewera asamuke makoleji ikakwana, ine ndi anzanga amene timatsatira limodzi mpira wa ku America timakangana nkhani imodzimodzi. Wina amabwera wokondwa kuti timu yake yakopa chimphona chomwe chinagwetsa ma quarterback (wosewera amene amatsogolera timu yomwe ili ndi mpira n'kumauponya) kakhumi chaka chatha, basi chikho chabwera kale. Ine ndimangofunsa kuti chimphonacho chikapuma wefuwefu m'chigawo chachinayi, chomwe ndi chomaliza, manja ali m'chiuno, akulowa m'malo mwake ndani? Ndipo wolowayo wakhala zaka zingati pansi pa mphunzitsi wa mzere umenewo? Nthawi zambiri yankho silibwera.

Kwa amene simuutsatira kwambiri mpirawu, ndikunena za defensive line, anyamata atatu kapena anayi amene amagwada kutsogolo kwenikweni kwa otchinga, maso ndi maso ndi zimphona zisanu za timu yomwe ili ndi mpira. Ntchito yawo ndi kulimbana basi. Mpira ukangoyambika, munthu wa makilogalamu 140 amawombana ndi mnzake wolemera chimodzimodzi, nthawi zina awiri nthawi imodzi, kwa masekondi ochepa, kenako adzuke achitenso. Pamasewera amodzi zimenezi zimachitika maulendo 60 kapena 70. Palibe thupi lomwe lingachite zimenezo ndi mphamvu yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amene amasinja chimanga amadziwa chifukwa chake musi amalandizana.

Umboni wanga ndi timu ya yunivesite ya Georgia ya 2021, ya mphunzitsi Kirby Smart. Timu imene ija inkalola adani ake mapointi 10 okha ndi kadontho pamasewera amodzi. Koma mukafufuza ziwerengero za osewera mmodzimmodzi mudzadabwa. Jordan Davis, amene anapatsidwa mphotho za Outland ndi Bednarik, zomwe zimapita kwa osewera opambana m'makoleji, chaka chimenecho, anagwetsa quarterback kawiri kokha nyengo yonse. Travon Walker, amene miyezi ingapo pambuyo pake anasankhidwa woyamba pa osewera onse ndi Jacksonville pamene matimu a NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, ankasankha osewera ochokera m'makoleji, anagwetsa kasanu ndi kamodzi. Palibe amene anali ndi chiwerengero choimitsa mutu, chifukwa palibe amene ankakhalitsa m'bwalo. Davis akatuluka ankalowa Jalen Carter. Taganizani, Carter amene mu 2023 anasankhidwa wachisanu ndi chinayi ndi Philadelphia, nthawi imeneyo ankayambira panja! Iwe wotchinjiriza quarterback wako, walimbana ndi Davis ndi Devonte Wyatt mpaka miyendo kunjenjemera, ukadzutsa mutu ukupeza Carter wangolowa kumene, thukuta lisanatuluke n'komwe.

Tsopano pano ndi pamene ndimafuna tikhalepo pang'ono, chifukwa anthu amati Georgia imangotola ana abwino kwambiri ku sekondale ndiye palibe chodabwitsa. Zoona, Walker ndi Carter anabwera ali ndi nyenyezi zisanu, chizindikiro chapamwamba chomwe oyesa osewera amapereka. Koma Davis anabwera kuchokera ku Charlotte ambiri atamupatsa nyenyezi zitatu zokha, mnyamata wamkulu thupi amene anthu ankakayikira ngati angapirire kuthamanga. Wyatt anayamba wadzera ku koleji yaing'ono ya Hutchinson ku Kansas asanafike ku Georgia. Awiriwa anakhala zaka zinayi pansi pa Tray Scott, amene anayamba kuphunzitsa mzerewu mu 2017. Mu 2022 Davis, ali ndi makilogalamu pafupifupi 155, anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.78 pamaso pa matimu a NFL, ndipo anasankhidwa pa nambala 13 pa osewera onse. Wyatt anapita ku Green Bay pa nambala 28. Anthu amenewa sanagulidwe atapsa kale. Anaphikidwa pomwepo, pamoto wapang'onopang'ono.

Ndipo ntchito ya pamzerewu siphunzirika msanga. Wothamanga ndi mpira angathe kufika ali ndi zaka 18 n'kuwala sabata yoyamba, chifukwa liwiro ndi lobadwa nalo. Koma wapamzere ayenera kuphunzira pomenya manja pachifuwa cha mdani, kutsitsa chiuno kuti asanyamulidwe, kuwerenga phazi loyamba la amene wayang'anizana naye, ndiponso chovuta koposa, kuvomera kugwiridwa ndi anthu awiri kuti mnzake wakumbuyo adutse mwaulere akagwire mpira. Ulemu umapita kwa wina, mabala n'kukhala ako. Mwana amene ku sekondale ankangokankha aliyense ndi thupi savomera zimenezi chaka choyamba. Thupi lenilenilo limafuna zaka ziwiri kapena zitatu za zitsulo ndi chakudya choyenera lisanathe kulimbana ndi bambo wa zaka 22.

Sindibisa kuti njira imeneyi ili ndi pofooka. Pa 4 Disembala 2021 Alabama inakuntha Georgia 41-24 pa fainolo ya SEC, ligi ya makoleji yomwe matimu awiriwa alimo, ndipo Bryce Young, quarterback wa Alabama, sanagwetsedwe ngakhale kamodzi. Chimodzi mwa zomwe Alabama inachita ndi kufulumiza masewera. Lamulo limati timu ya mpira ikasintha osewera, otchinga nawonso apatsidwe mpata wosintha; ikapanda kusintha, mpata palibe. Ndiye zimphona za Georgia zija zinatsekeredwa m'bwalo, zikupuma ndi pakamwa. Tsiku limenelo linandiphunzitsa kuti kukhala ndi anthu ambiri sikukwanira ngati aliyense wa iwo sangathe kupirira maulendo asanu ndi atatu otsatizana. Koma onani zomwe zinachitika patapita milungu isanu. Pa 10 Januwale 2022 ku Indianapolis, pomwe kwathu kuno kunali m'bandakucha wa tsiku lotsatira, matimu omwewo anakumananso pa fainolo ya makoleji a dziko lonse. Young anagwetsedwa kanayi. Carter anatchinga ndi dzanja mpira womwe Alabama inamenya kuti ipeze mapointi atatu, ndipo kuchokera pamenepo masewera anatembenuka. Georgia inapambana 33-18, chikho choyamba chichokereni 1980. Anthu amakumbukira Kelee Ringo wa Georgia akuthamanga ndi mpira womwe analanda kumapeto, koma ine ndimakumbukira kuti Young anauponya ali ndi anthu kumaso kwake usiku wonse.

Chomwe chimanditsimikizira kwambiri ndi chaka chotsatira. Osewera 15 a Georgia anatengedwa ndi NFL mu 2022, otchinga asanu m'ndime yoyamba ya kusankhako, atatu a pamzere womwewu. Timu ina ikanagwa chagada. Georgia sinatenge wosewera ngakhale mmodzi wochokera ku koleji ina chaka chimenecho. Inangotsegula nkhokwe: Nazir Stackhouse, Zion Logue, Warren Brinson, anyamata amene anakhala akulandira maulendo ochepaochepa kumbuyo kwa akuluakulu aja, ndiponso Mykel Williams amene anali atangofika kumene. Carter anavulala bondo ku Missouri n'kukhala panja masewera angapo, wotchinga wina, Nolan Smith, anavulala pokumana ndi Florida n'kutha nyengo yonse, koma timu inapambana masewera onse 15 n'kumaliza ndi kuthambitsa koleji ya TCU 65-7 pa fainolo ya dziko lonse.

Pali mbali ina yomwe imandipweteka, ndipo sindikufuna kuidumpha. Jermaine Johnson anali pa Georgia, akulandizana ndi anzake monga wina aliyense. Mu 2021 anasamukira ku Florida State komwe ankasewera pafupifupi nthawi yonse, anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana mu ACC, ligi ya makoleji yomwe Florida State imasewera, ndipo New York Jets ya NFL inamutenga pa nambala 26. Kodi ndingamuuze kuti analakwa? Ayi ndithu. Mnyamata ali ndi zaka zochepa zoti adzionetse, kumbuyo kwake kuli banja lomwe likumuyang'anira, ndipo bondo likhoza kuduka tsiku lililonse. Chiyambireni 2021 malamulo amalola wosewera kusamuka osadikira chaka, amalolanso kuti apeze ndalama pa dzina lake, ndipo ine ndimati n'zoyenera, popeza kwa zaka zambiri aliyense ankadya za thukuta la anawa kupatula iwo eni. Koma mtengo wake ndi uwu: munthu wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri pamzere, amene kale ankadikira nthawi yake, lero akuimbiridwa foni ndi koleji ina yomulonjeza kuyamba masewera. Bear Alexander, wapamzere wina wa Georgia, anachita bwino pa fainolo ya TCU ija ali chaka choyamba, patangopita miyezi yochepa anali atasamukira ku koleji ya USC.

Ndiye sindikunena kuti mphunzitsi asagule konse. Denga likadontha umagula udzu. Chomwe ndikukana ndi timu yomwe chaka chilichonse imagula mzere wonse, ana ake a chaka choyamba ndi chachiwiri n'kumangoonerera mpaka atakhumudwa n'kuchoka, kenako n'kubwereranso kumsika. Ndalama zomwe mukupereka kwa mlendo mmodzi, gawani kwa anyamata anu atatu amene akudziwa kale chinenero cha mphunzitsi, kuti asachoke. Ndipo apatseni maulendo enieni, masewera akadali otentha, osati mphindi ziwiri zomaliza zinthu zitatha kale.

Nyengo ikayamba mu Seputembala, timu yanu ikamasewera ndi kakoleji kakang'ono komwe mukudziwa kale kuti mupambana, musazimitse kanema pa hafu. Werengani manambala a malaya a amene akugwada pamzere m'chigawo chachiwiri ndi chachitatu. Mukawerenga asanu ndi atatu kapena kuposa, ndipo ambiri ndi nkhope zomwe munaziona chaka chatha zili zowonda, bwerani tidzakambirane za chikho. Mukawerenga anayi okhaokha, ndidzakufunsaninso funso lija mu Novembala.