Tisanakumbe, tiyambe tafunsa komwe nyama zimadutsa

Anzanga, pali mawu amene amandipweteka ndikamawamva pamisonkhano ya chitukuko: "Kodi chofunika ndi anthu kapena nyama?" Akatero, aliyense wofunsa za kafukufuku wa zachilengedwe amaoneka ngati mdani wa chitukuko. Ine ndine mwana wa kuchigwa, njala ya ku Chikwawa ndikuidziwa, ndipo ngalande ya Shire Valley Transformation Programme ndikuifuna ndi mtima wonse. Mahekitala oposa 40,000 a mthirira ku Chikwawa ndi Nsanje si nkhani yamasewera. Koma ngalande yomweyi ndi imene yanditsimikizira kuti kafukufukuyu amateteza ife tomwe.

Madzi ake amatengedwa pa damu la Kapichira, m'mbali mwa nkhalango ya Majete, pamwamba pa mathithi. Kuyambira kalekale mathithi amenewa akhala mpanda wolekanitsa nsomba za kumunsi, zochokera ku Zambezi, ndi nsomba za kumtunda kwa Shire mpaka ku nyanja ya Malawi. Kumunsi kuno tili ndi mcheni wathu wa mano akuthwa ngati misomali, wosiyana ndi mcheni wa kunyanja uja. Aliyense amene anauvuulapo amadziwa kuti chala sungachiyandikize kukamwa kwake. Umadya nsomba zinzake mosaona nkhope. Tsono ngalande yotenga madzi pamwamba pa mathithi n'kuwatsitsira kuchigwa ikanatha kukhala msewu woti mcheniwu ukwerere kumtunda. Akatswiri a nsomba anaziona izi ntchito isanayambe, ndipo m'mapulani munaikidwa chotchinga choti nsomba zisathe kukwera. Taganizani: msodzi wa chambo ku Mangochi, amene mwina sanapondepo ku Chikwawa, watetezedwa ndi munthu amene anakhala pansi n'kuwerenga nsomba.

Ku Lengwe ndiye kuli mtima wanga. Njira ya ngalandeyi ikudutsa m'nkhalango imeneyi, kwawo kwa nyala, nyama zonga agwape. Ndili mwana ndinaona mbuzi itagwera m'ngalande yaing'ono ya simenti. Inkapalasa ndi ziboda, kuterereka, kupalasanso, ndere zikuibwezera m'madzi, mpaka malume anaikoka ndi chingwe itatheratu mphamvu. M'thengo mulibe malume wobwera ndi chingwe. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, nyama iliyonse yaludzu imatsata fungo la madzi. Malo owolokera ndi otulukira ayenera kukhala pa mikwaso yeniyeni ya nyamazo, osati pomwe pangopepukira mainjiniya. Nyama siwerenga chikwangwani.

Ku Kenya anaphunzira mochedwa. Njanji ya Mombasa kupita ku Nairobi, yomwe inatsegulidwa mu 2017, inadutsa ku Tsavo, kwa njovu. Bungwe la Save the Elephants pamodzi ndi Kenya Wildlife Service anaveka njovu zina makolala a GPS, oonetsa komwe zikuyenda, mu 2016, koma apo n'kuti ntchito yomanga ili kale mkati. Zimene anapeza zinali zothandiza, komabe mzere wa njanjiyo unali utajambulidwa kale.

Ichi ndicho ndikuopa kwathu kuno. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lilipo, bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA lilipo, ndipo ntchito zikuluzikulu zimayenera kuunikidwa zisanayambe. Koma kafukufuku wochitika malo atasankhidwa kale amangokhala pepala lokatsegulira ndalama. Ndiponso wa milungu iwiri m'chilimwe sangakuuzeni komwe mvuu zimatulukira madzi akasefukira mu Febuluwale. Ofufuzawo ayende nyengo zonse ziwiri, ndipo afunse alenje akale, asodzi, abusa a ng'ombe ndi amayi otola nkhuni. Amenewa amadziwa chigwa chomwe njovu zimatsikira kuposa mapu alionse.

Damu la Mpatamanga likubwera pa Shire yemweyu, kumtunda kwa Majete. Magetsi tikuwafuna, kuthimathima kwatitopetsa. Pempho langa kwa adindo n'lakuti zimene akatswiri apeza zokhudza nsomba, mvuu, ng'ona ndi njovu za kumeneko zimasuliridwe m'Chichewa, ziwerengedwe pabwalo la amfumu, anthu atsutse pomwe palakwika, misewu ndi mapolo a magetsi zisanadindidwe pa mapu.